Kachitini Kachiwiri Si Kako

Libuyu, Livingstone
Loweruka masana

Mwana wanga Miyanda,

Ndikulemba kalatayi iwe utapita kokalukitsa tsitsi la kusukulu. Malaiti anapita m'mawa, ndiye mayunifomu ako sindingasite, ndipo ndati m'malo mongoyang'ana thiranki lako ndikhale pansi ndilembe. Ukundidziwa, pakamwa sinditha. Ndikafuna kunena chinthu chachikulu mawu amatsalira pakhosi, ndimangoyamba kupukuta tebulo lopukuta kale. Sukulu ndinalekera Giredi 7 ku Katete, choncho ukapeza polakwika usaseke kwambiri. Ndayamba ndalemba pa pepala lina, pano ndikukopera bwinobwino. Ndidzakupatsa mawa basi ikadutsa Zimba. Udzawerenge pomwepo, usadikire kufika. Ine ndidzakhala ndikuyang'ana pawindo.

Nkhani ndi ya dzana ija. Ba Namakau, azaumoyo athu a m'komboni muno, anabwera kudzakutsanzika, ndipo iwe unawauza ukuyang'ana pansi kuti, "Ku boding'i sinizauza munthu. Nalema kunkhala mwana wa shuga. Nifuna chabe kunkhala Miyanda." Atate ako anakwiya, anatuluka kukapenta dzina lako pa thiranki ngakhale anali atapenta kale. Ine sindinanene kanthu, ndipo mwina unaganiza kuti ndagwirizana nawe. Sindinagwirizane nawe, mwana wanga. Ndakumvetsa, chifukwa mtima wobisa umenewo unautenga kwa ine, koma sindinagwirizane nawe. Kuno shuga yako ikatsika pali anthu odziwa chochita. Kumene ukupita kulibe ndi mmodzi yemwe. Ukadzayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pakati pa atsikana osadziwa, adzaganiza kuti ukuchita masewera, kapena adzakufunditsa bulangete kuti ugone. Chimenechi ndi chimene chikundilanda tulo. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha m'kalata yonseyi, ndipo ndichibwereza mpaka utope nacho: uza munthu.

Pamene unayamba kudwala unali mu Giredi 3. Unkamwa madzi ngati wachokera ku munda, usiku kukodza pabedi, thupi kutha tikuliona. Atatiuza kuchipatala kuti ndi shuga ine ndinakana mumtima. Ndinkadziwa kuti shuga ndi ya akuluakulu onenepa, eni mashopu, osati kamwana kanga kowonda. Titatuluka m'chipatala anati kudzabwera munthu wa ku kiliniki kudzationa kunyumba. Iwe ukudziwa mmene anthu a m'komboni amayang'anira nyumba imene pakhomo pake paima njinga ya azaumoyo. Amayamba kuwerengera okha matenda amene ali m'nyumbamo. Ndiye tsiku limene ba Namakau anagogoda koyamba, ine ndinakugwira pakamwa, tinakhala chete kuseri kwa katani mpaka anapita. Anabweranso, tinachitanso chimodzimodzi. Ulendo wotsatira sanabwere ndi njinga, sanavale sikipa ya ntchito. Anabwera wapansi atavala chitenge, chikwama chawo atachikulunga munsalu, pamwamba ataika mpukutu wa ndiwo zamasamba za repu ngati mlendo wochokera ku msika. Anaima pawindo n'kunena motsitsa mawu, "Amake Miyanda, naona nsapato zanu pa khomo. Njovu zinanipingasa pa njira sizinanibweze, manje katani yanu ndiye izanibweza?" Ndinaseka ndisanafune, ndipo ndinatsegula. Sanandifunse chifukwa chimene ndinkabisalira. Anakhala pa mpando, anakuyeza chala, anatiphunzitsa kubaya pa lalanje tisanabaye pa iwe. Mpaka lero akamabwera kwathu amasiya njinga kwa mlongo wawo. Ukadzakumana ndi munthu wotere kusukulu, amene waona manyazi ako koma osawaloza chala, usadzamutsekere chitseko monga ndinachitira ine.

Chimene ndinayamba kuwalemekezera kwambiri mayi amenewa ndi mawu amodzi amene sachita nawo manyazi. Ndikawafunsa chinthu chovuta amayankha, "Siniziba." Poyamba zinkandiopsa. Ndinkati munthu wa chipatala anganene bwanji kuti sadziwa? Koma amapitiriza, "Siniziba, koma pa Chinayi nizafunsa." Iwe unakula ukumva za Lachinayi limeneli, koma mwina sunalimvetse bwino, ndiye ndikufotokozere mmene ndinalionera. Masana a Lachinayi, odwala akachepa, asisitala, a kiliniko ofesa ndi azaumoyo a m'makomboni amasonkhana m'kachipinda ka kumbuyo, amatsegula laputopu. Pagalasi pamatuluka timabokosi tambiri, m'kabokosi kalikonse muli anthu a kiliniki ina, ena ku chigawo cha Western, ena ku chigwa, ena kutali kumene sindinafikeko. M'kabokosi kena muli madokotala a shuga a ku Lusaka. Kiliniki imodzi imafotokoza za wodwala amene wawavuta, osatchula dzina, osatchula nyumba, ndipo onse amathandizana nzeru. Taganiza, Miyanda. Anthu ophunzira, a mayunifomu oyera, kuima pamaso pa anzawo a dziko lonse n'kunena kuti apa talephera, tithandizeni. Ine ndikapsereza kolala ya shati ku loji kumene ndimasita zovala, ndimafuna nthaka inditsegukire. Iwo kulephera kwawo amakunyamula okha kupita nako pagulu sabata ndi sabata, ndipo n'chifukwa chake iwe uli moyo. Kusukulu ukadzapanda kumvetsa chinthu, kaya ndi masamu kaya ndi thupi lako, udzanene mawu a ba Namakau aja. Sadzakuchotsera kanthu.

Ukukumbukira chaka chimene mankhwala anasiya kugwira ntchito? Unali mu Giredi 5, mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti ngakhale agalu safuna kuuwa. Tinkabaya insulini nthawi yake, chakudya ndinkayeza ndi kapu yomweyo, koma kamakina kankangoonetsa shuga yokwera. Ludzu linabwerera, masiketi anayamba kukugwa. Ba Namakau anabwera kudzaona mmene ndimabayira, anati ndikubaya bwino. Anayang'ana pamimba ndi pantchafu pako ngati pali zotupa, panalibe. Anakufunsa mwa nthabwala ngati unkagula mafiritasi kusukulu mobisa, iwe unalira chifukwa sunkagula. Asisitala anawonjezera mlingo pang'ono, sizinasinthe. Pamapeto ba Namakau anandipempha chilolezo chokanena nkhani yako pa Chinayi. Ndinafunsa kawiri ngati sadzatchula dzina. Anati, "Kuja kulibe maina. Azamva chabe kuti kamtsikana ka ku Livingstone." Anabwera madzulo a tsiku lomwelo akupuma mothamanga, asanakhale n'komwe pansi anati, "Dokota afunsa kuti mankhwala mumasunga kuti. Ine n'nayankha kuti mu firiji ya aneba, chifukwa ndiye munaniuza. Koma pobwera pa njira naganiza, firiji yamene iyo sin'naionepo na maso." Kenako ndinakoka sutikesi pamwamba pa wadiropu, pansi penipeni pa malata, ndinatulutsa kabotolo m'kati mwa sokosi. Kanali kofunda ngati kachokera m'thumba la munthu. Firiji ya aneba athuwo, amake Junior, ndinali nditasiya kuigwiritsa ntchito kalekale, chifukwa tsiku lina ana awo anafunsa kuti tibotolo timeneti n'ta ndani, ndipo ine ndinaopa kuti nkhani ifika ku mpopi.

Ba Namakau anagwira kabotoloko, anayang'ana malata, anayang'ana ine. Ndinadikira kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Mwaiphika, mayo. Yapsa iyi." Ndipo anadzitsutsa okha kuti anayenera kupempha kuona malowo kuyambira pachiyambi, m'malo mongofunsa. Mawa lake anabweretsa kabotolo katsopano, ndipo pasanathe masiku ambiri ludzu lako linatha. Sindikukuuza izi kuti undimvere chisoni, nkhaniyi timaiseka tonse masiku ano. Ndikufuna uone chinthu chimodzi. Sindinakumane chakudya, sindinaiwale jakisoni ngakhale kamodzi, ndinachita zonse mosamala monga umandidziwira. Chimene chinatsala pang'ono kukupha ndi kubisa kokha. Iwenso ndiwe wosamala, umayeza, umabaya wekha bwino kuposa ine. Koma kusamala kwa munthu wobisa kuli ndi malire. Uza munthu, Miyanda.

Mtsuko uja wa kuseri kwa chitseko unachokeranso pa galasi lomwelo. Sabata yotsatira ba Namakau anakanena kuti vuto lapezeka, koma banjali lilibe firiji, ndipo ngakhale ya aneba imazima malaiti akapita. Anandiuza kuti bambo wina wa kiliniki ya ku chigwa, kumene kumatentha kuposa kuno, ananyamuka pampando, anasowa pagalasi, n'kubwera atanyamula miphika iwiri yadothi, waung'ono m'kati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Dokotala wa ku Lusaka anavomereza, anangowonjezera kuti kabotolo kazikhala m'kapulasitiki kotseka kuti madzi asafufute zolembedwa, ndiponso kuti mtsuko uzikhala pamthunzi podutsa mphepo. Atate ako anakagula miphika kwa amayi a ku Mukuni, mchenga tinakatapa tokha. Bambo wa ku chigwa uja sindimudziwa dzina, iyenso sadziwa lako, koma m'mawa uliwonse ndikamathira madzi mumchenga ndimamupempherera. Kusukulu sindikudziwa ngati kuli firiji yodalirika. Mtsuko waung'ono ndaukulunga m'matawulo pansi pa thiranki. Usauike pawindo, usauike pafupi ndi malata, ndipo mchenga usaume. Atsikana akadzafunsa kuti mtsukowu ngwa chiyani, usadzaname kuti ndi wa madzi akumwa. Funso limenelo ndi khomo lotseguka kale, iwe udzangolowa.

Tsiku limene tinaika mtsuko, ba Namakau anasamba m'manja n'kunena, "Mtsuko tapeza. Manje tipeze munthu." Ndinafunsa kuti munthu wa chiyani. Anati ine ndimakhala ku loji kuyambira m'mawa, atate ako ali pa msewu ndi takisi, nanga shuga ikatsika masana adzakuona ndani? Ndinati Mulungu adzaona. Anati, "Mulungu aona, koma atuma munthu wamene ali na shuga mu kabati." Anandiuza kuti ndisankhe ndekha. Ndinasankha amake Junior omwe aja ndinkawathawa, chifukwa khomo lawo layang'anana ndi lathu. Ndinatenga sabata yathunthu ndikuyeseza mawu. Titakhala pakhonde pawo ndinangoti, "Miyanda ali na shuga," mawu n'kutha. Zotsalazo anamaliza ba Namakau. Anawaphunzitsa zizindikiro: thukuta lozizira, manja kunjenjemera, kukwiya kopanda chifukwa, kulankhula zosamveka. Anawauza kuti ngati ukutha kumeza akupatse chotsekemera msanga kenako chakudya, koma ngati wakomoka asakuthire kanthu m'kamwa, akugoneke cham'mbali, akupake shuga pang'ono m'kati mwa tsaya, athamange nawe ku kiliniki. Amake Junior anamvetsera mpaka pamapeto, kenako ananditembenukira n'kuti, "Iwe, zaka zonse izi? Ine n'nali kuganiza kuti unanikwiyira chifukwa cha nkhuku zanga." Ku mpopi nkhani sinafike. Ngakhale ikanafika, lero ndikuona kuti sikanatidya.

Tsopano za ku tchalitchi, zimene sukonda kuti ndizikumbutsa. Pirira, ndizinena kamodzi kokha. Unali mu Giredi 7, achinyamata anagwirizana kusala kudya Loweruka lina. Sunafune kukhala wosiyana ndi anzako. Unabaya m'mawa monga mwa masiku onse, phala unalibisa pansi pa bedi, n'kupita. Ine ndinali ku ntchito, ndipo atsogoleri a achinyamata ndinali ndisanawauze za matenda ako, ndinkangoti ndidzawauza. Dzuwa litafika pamutu unayamba kutuluka thukuta, unakankha mnzako, unayamba kulankhula zosamveka. Anthu abwino aja anakuzungulira, anakusanjika manja, anayamba kudzudzula mizimu mokweza. Sanali oipa, Miyanda, ankakukonda, anachita chimene ankadziwa. Amake Junior anali panja akusesa ndi amayi anzawo. Atamva phokoso anasuzumira, anaona nkhope yako, anataya tsache. Anathamangira pa kantemba ka pa geti, anatenga botolo la dirinki osalipira n'komwe, anapyola pakati pa anthu opemphera akukuwa, "Pempherani, koma nipatseni njira!" Unali ukadatha kumeza. Anakumwetsa pang'onopang'ono, ndipo posakhalitsa unafunsa kuti, "Nili kuti?" M'chipinda chodzaza anthu okukonda, amene anakupulumutsa ndi mmodzi yekha amene anauzidwa. Ku boding'i kudzakhalanso mapemphero, kudzakhala kusala, kudzakhala masewera othamanga ndi masiku amene chakudya chachedwa. Amake Junior sadzakhalako. Amake Junior a kumeneko uyenera kuwapeza wekha.

Pali chinthu chimene sindinakuuze bwinobwino, chifukwa ndinkachita manyazi ngakhale ndi iwe. Chaka chatha ba Namakau anandipempha kuti ndipite pa Chinayi. Anati madokotala akufuna kumva kwa kholo lenileni chifukwa chimene mabanja amabisira mankhwala, popeza makiliniki ambiri akukumana ndi zomwezo. Ndinakana. Anati chabwino, sanaumirire. Patapita milungu ndinawafunsa ndekha ngati nkhope yanga idzaoneka. Anati akhoza kuweramitsa laputopu kuti ioneke manja okha. Ndinatsuka mtsuko, ndinavala diresi la ku tchalitchi ngakhale silikanaoneka, ndinapita. Netiweki inaduka kawiri tisanayambe, ndipo mumtima ndinkapemphera kuti idukiretu. Sinaduke. Ndinaona timabokosi tija ndi maso anga, anthu ena akudya chimanga, wina mwana ali kumsana, dokotala wamkulu akupepesa kuti wachedwa. Ndinayamba kulankhula, mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana. Wina anati sakumva. Ba Namakau anandigwira bondo pansi pa tebulo, ndinabwereza mokweza. Ndinanena za katani, za sutikesi, za sokosi. Nditamaliza ndinaganiza kuti ndachititsa manyazi kiliniki yathu. Kenako dokotala uja anati, "Amayi, zikomo. Ife timafunsa odwala ngati akusunga bwino mankhwala, iwo amati inde, ife timalemba inde. Lero mwatiphunzitsa kufunsa bwino." Sisitala wina wa magalasi, wa kiliniki ya kumudzi, anakweza dzanja n'kunena kuti ali ndi mnyamata amene shuga yake sikutsika, ndipo mawa lomwe apita kukaona ndi maso kumene amasunga. Pobwerera kunyumba ndinkamva kupepuka ngati ndatula mtolo wa zovala zonyowa. Dzina lako sindinalitchule. Anaona manja anga ndi mtsuko basi.

Sisitala wa magalasi ameneyo ndiye chifukwa china cha kalatayi. Kalata ya sukulu itabwera, ba Namakau anayang'ana dzina la malowo n'kuwomba m'manja. Kiliniki ya sisitala uja ndi imene ili pafupi ndi sukulu yako, amati ndi mtunda woyenda wapansi. Dzina lawo ndi ba Sisitala Mweemba. Iwo akhala akumva za kamtsikana ka ku Livingstone kwa zaka zonsezi, za Okutobala uja, za kusala kuja, za nthawi imene unayamba kusamba ndipo shuga inkasokonekera mwezi ndi mwezi. Anathandizapo nzeru pa zina mwa zimenezi. Akukudziwa, koma sakudziwa kuti ndiwe. Dzana utanena mawu aja n'kulowa kuchipinda, ine ndinaperekeza ba Namakau mpaka pa msewu, ndipo ndinawapempha kuti angowaimbira ba Sisitala Mweemba mwakachetechete, iwe osadziwa. Anaima, anandiyang'ana, anati, "Amake Miyanda, imwe na ba tate ake mufunika kuuza ba matroni, iyo ni nchito yanu, musaisiye. Koma ine kumupereka kwa sisita mwa kabisira, iyayi. Ni mukulu manje. Nikamupereka mwa kuba, azaziba, ndipo azayamba kubisa na kwa ine. Akaniuza yeka kuti tumani foni, nizatuma pamene apo." Ndinakhumudwa pang'ono, sindikubisira. Koma pobwerera ndinakumbukira kuti ndi mayi yemweyu amene anavula sikipa ya ntchito chifukwa cha manyazi anga, amene anaweramitsa laputopu, amene sanatchulepo dzina lako pagalasi ngakhale kamodzi. Ulemu umene anandipatsa ine ndi umene akukupatsa iwe. Usauyese chilolezo chokhala chete. Akudikira mawu ako, ndipo foni yanga idzakhala m'chikwama mwanga m'basi, ili ndi thokotaimu yoti uwaimbire.

Zina zing'onozing'ono ndizinene msanga, chifukwa ndamva mawu ako kwa aneba, mwina atsala pang'ono kumaliza kukuluka. Usabaye usanaone kuti chakudya chafika patebulo, chifukwa belu la sukulu likhoza kulira nyemba zisanapse. Tsiku la masewera uyeze usanathamange, ndipo udyeko kanthu. Ukadwala malungo kapena kusanza usasiye insulini mwa nzeru zako, upite ku kiliniki tsiku lomwelo. Masingano ogwiritsa kale ntchito uziponya m'chigubu chija cha chivindikiro chofiira, osati m'dzenje la zinyalala kumene ana a aphunzitsi amasewera. Timapepala toyezera tikayamba kuchepa unene tisanathe, usadikire komaliza monga umachitira ndi sopo. Mapazi uziwayang'ana posamba, nsapato zatsopanozo zikakuluma usapirire. Za anyamata ndikanakuuza zambiri, koma atate ako akuti anakuuza kale, ndiye ndingowonjezera kuti amene adzaseke jakisoni wako wakuthandiza kumudziwa msanga. Ndipo uziphunzira, mwana wanga. Sukupita kumeneko kukadwala, ukupita kukaphunzira. Unakhoza mayeso ndi mutu wako, shuga sinakulembere ngakhale yankho limodzi.

Unati ukufuna kungokhala Miyanda. Inenso ndikufuna chomwecho. Koma taona mmene zakhalira kuno. Amake Junior akudziwa zonse, nanga amakuitana kuti chiyani? Amakuitana Miyanda, amakutuma tomato, amakukalipira ukaponda maluwa awo. Ba Namakau amakuitana bwana wanga ndipo amakangana nawe za mpira. Amene akudziwa ndi amene amaiwala msanga, chifukwa alibe chodabwa nacho. Koma ukabisa, iweyo ndiye sudzaiwala ngakhale ola limodzi. Udzabayira m'chimbudzi, udzadya mobisa, udzanama za mtsuko, udzagona ukuopa. Ine moyo umenewo ndinaukhala, ndipo mutu wanga unkadzaza shuga kuyambira m'mawa mpaka madzulo kuposa mmene ulili lero.

M'thumba la pambali la chikwama chako muli tizitini tiwiri ta maswiti a gulukosi. Ba Namakau ndiwo anabweretsa dzulo iwe utapita ku msika, anati nzeru imeneyi inachokeranso pa Chinayi, kwa anthu amene ali ndi ana m'masukulu ogonera konko. Koyamba n'kako, kazikhala m'thumba la yunifomu nthawi zonse, ndasokeramo kathumba ka m'kati. Kachiwiri si kako. N'ka mtsikana amene adzagone pa bedi loyandikana ndi lako. Sindikumudziwa, mwina ndi Mtonga, mwina Mlozi, mwina wolongolola, mwina wamanyazi ngati ife. Udzamupatse kuti akusungire, ndipo iye adzafunsa kuti n'chifukwa chiyani. Ukadzayankha funso limenelo, wamaliza. Sindikuti uime pa asembule. Sindikuti uuze kalasi yonse. Mtsikana mmodzi, ndi ba Sisitala Mweemba. Ndikadzabwera kudzakuona pakati pa temu sindidzayamba ndi kufunsa za mayeso. Ndidzayang'ana m'chikwama, ndipo ndikupemphera kuti kachitini kachiwiri ndisadzakapezemo.

Chotsala ndi cha ba matroni. Atate ako sangasiye takisi mawa, mwini galimoto wakana. Ndiye wokawauza ndine. Ndikukudziwitsa poyera kuti usadzati ndakuchitira chiwembu: mawa tikafika ndikawauza, ufune usafune, chifukwa ndine mayi ako. Koma ukundidziwa. Ofesi ya sukulu, munthu wachilendo wa makiyi ambiri, makolo ena ataima pamzere kumbuyo kwanga, mwina adzayamba ndi Chingerezi. Ndayeseza kale pamene ndimasita ku loji, ndayesezanso lero pamaso pa mtsuko, ndipo nthawi zonse ndimafika pakati mawu n'kuthawa. Kumeneko sikudzakhala ba Namakau ondigwira bondo, sikudzakhala woweramitsa galasi kuti aone manja okha. Ndidzaima ndi nkhope yanga yonse. Ndidzayamba, zimenezo ndikulonjeza, ndipo mawu akathawa sindidzatuluka, ndidzaima pomwepo mpaka abwerere.

Koma ukadzaona kuti amayi ako akakamira, ayamba kupukuta tebulo la ba matroni ndi nsonga ya chitenge, usadzayang'ane pansi. Udzandithandize, mwana wanga. Udzamalize ndiwe.

Malaiti abwera tsopano. Ndikasite mayunifomu.

Ndine amako,
Esinati